Kuika rauta ya Wi-Fi pakhomo muno mu Zomba kuti intaneti izithamanga

Nyumba zambiri muno mu Zomba zafika poti foni imodzi yogawira aliyense intaneti siikukwaniranso. Mwana wa ku yunivesite ku Chirunga akufuna kutsitsa manotsi, amayi akugulitsa katundu pa WhatsApp, abambo ali ndi msonkhano pa Zoom, ndiye mwini foniyo akangotuluka pakhomo, otsala onse manja lende. Apa m'pamene banja limaganiza zogula rauta. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri akaigula amangofikira kuikhazika kuseri kwa TV, pasanathe sabata ayamba kudandaula kuti ndalama zawo zalowa m'madzi. Kawirikawiri rautayo imakhala yabwinobwino. Cholakwika chimakhala malo amene aiika, ndi zinthu zingapo zimene sanazikonze mkati mwake.

Musanagule chilichonse, dziwani kuti intaneti imayenda maulendo awiri kuti ifike pa foni yanu. Woyamba ndi wochoka pa nsanja ya kampani kufika pa rauta. Wachiwiri ndi wochoka pa rauta kufika pa foni kapena laputopu, ndipo wachiwiriwu ndiwo Wi-Fi. Zili ngati madzi a m'tauni muno: pali paipi yaikulu yochokera ku damu la Mulunguzi kufika pa mita yanu, kenako timapaipi ta m'nyumba. Ngati pa mita pakufika madzi ochepa, mpopi wodula wa kukhitchini sungakuthandizeni. N'chifukwa chake timizere ta Wi-Fi pa foni timatha kudzaza tonse koma tsamba osatseguka. Timizereto timangosonyeza kuti foni ndi rauta zikumvana, za nsanja sitinena kanthu.

Yesani netiweki pakhomo panu musanatulutse ndalama

Tauni yathu ili m'tsinde mwa phiri lotalika kupitirira mamita 2,000, ndipo malo ake ndi a zitunda, zigwa ndi mitengo ikuluikulu. Mafunde a netiweki sadutsa phiri. Choncho zimene zikuyenda bwino kwa mnzanu ku Matawale sizitanthauza kuti ziyendanso bwino kwanu ku Sadzi, ku Chinamwali kapena kumtunda ku Mulunguzi. Ngakhale nyumba ziwiri za mumsewu umodzi zimasiyana, ina ili pachitunda, ina kumunsi cha kumtsinje wa Likangala.

Pezani simukhadi ya Airtel ndi ya TNM, yobwereka ilibe kanthu, muike m'foni yogwira 4G. Zimitsani Wi-Fi pa foniyo, tsegulani fast.com kapena pulogalamu ya Speedtest, muyese muli m'nyumba mwanu momwemo. Yesani m'mawa, masana, makamaka madzulo pakati pa 7 koloko ndi 9 koloko. Nthawi ya madzuloyi ndiyo imanena zoona, chifukwa nsanja imodzi imagawa mphamvu yake kwa onse amene ailumikiza, ndipo madzulo aliyense ali pa foni. Amene mumakhala kufupi ndi mahositelo a ophunzira, monga ku Chikanda, yesani sukulu ili yotsegula, osati pa holide. Lembani manambalawo m'kope, mudzawafuna. Koma musayese mobwerezabwereza popanda chifukwa, poti kuyesa kulikonse kumadya data, ndipo netiweki ikakhala yothamanga m'pamene kumadya yambiri.

Manambala amene mudzaone amawerengedwa mu Mbps, muyeso wa liwiro la intaneti. Vidiyo imodzi yooneka bwino kwambiri ya 1080p imafuna pafupifupi 5 Mbps, msonkhano wa pa Zoom wokhala ndi kamera umakwana ndi 2 kapena 3 Mbps. Banja la anthu anayi kapena asanu likamapeza 10 mpaka 20 Mbps madzulo, lili pabwino. Muonenso nambala ya Upload, chifukwa ndiyo imanyamula nkhope ndi mawu anu kupita kwa amene mukulankhula nawo, komanso ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera, imene ikamakhala pansi pa 100 ms kucheza kumayenda popanda kudukiza. Ndipo musadabwe kuona fayilo ikutsika pa 2 MB pa sekondi pamene Speedtest yanena 16 Mbps. Palibe amene wakuberani: manambala a Mbps mumawagawa ndi 8 kuti mupeze ma MB. Pa liwiro limeneli, fayilo ya 1 GB imatenga mphindi 8 kapena 9.

Kwa ambiri a ife njira imene ilipo ndi rauta ya 4G yolowa simukhadi. Ka MiFi ka m'thumba n'kabwino kwa munthu mmodzi woyendayenda, koma Wi-Fi yake safika patali, ndipo batire lake limatupa mukamakasiya pa chaja usana ndi usiku. Ngati m'dera lanu mwadutsa waya wa faiba, funsani ku MTL kapena makampani ena opereka intaneti ngati angakukokereni, chifukwa waya sukhudzidwa ndi zitunda. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, nayo inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, koma zipangizo zake n'zodula, zimadya magetsi ochuluka kuposa rauta wamba kangapo, ndipo mbale yake imafuna kumwamba koyera. Pa puloti yodzaza mitengo ya mango ndi bulugamu, yambani mwaona ndi pulogalamu yawo ngati nthambi sizitchinga.

Pogula

Msampha woyamba ndi kugula rauta yopanda polowetsa simukhadi. Ilipo yambiri m'mashopu, ya timaeriyo tinayi tooneka mochititsa kaso, koma ntchito yake ndi kulandira intaneti kudzera pa waya basi. Itembenuzeni, muone kabowo kolembedwa SIM ndi maso anu. Kenako mufunseni wogulitsayo mosapita m'mbali: "Achimwene, rautayi ndi yokhoma kapena imalola simukhadi ya kampani iliyonse?" Yokhoma si yoipa ngati munayesa kale n'kupeza kuti kampaniyo ikugwira bwino kwanu, ndipo nthawi zambiri imakhala yotsikirapo mtengo. Koma mudziwe kuti mwadzimangirira.

Ngati thumba likulola, sankhani yolembedwa 2.4 GHz ndi 5 GHz zonse ziwiri, yokhala ndi mabowo a LAN olumikizira waya wa intaneti kumbuyo, komanso timabowo tiwiri tolumikizira eriyo yakunja. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyesere pomwepo ndi simukhadi yanu, ndipo adaputa ikhale yakeyake. Musaiwale lisiti. Simukhadi ya mu rauta iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika monga ina iliyonse, ndipo nambala yake muilembe penapake, chifukwa ikalowa mu rauta simudzaionanso koma mudzaifuna mwezi ndi mwezi pogula bandulo pa Airtel Money kapena Mpamba.

Kuiyatsa koyamba

Lowetsani simukhadi rauta ili yozima. Onetsetsani kukula kwake, poti ma rauta ena amafuna yaikulu, ena yapakati, ena kakang'ono kwambiri kaja. Ngati mukugwiritsa ntchito kafelemu kapulasitiki kokulitsira simukhadi, kalowetseni mofatsa, ndipo musakalowetse kopanda simukhadi, chifukwa kamakodwa pa timapini ta mkati n'kutithyola. Mukatero lumikizani ku magetsi, dikirani mphindi ziwiri kuti timagetsi ta kutsogolo tikhazikike.

Kunsi kwa rauta kuli kapepala komata ka zilembo zing'onozing'ono. Pamenepo palembedwa dzina la Wi-Fi, kutsogolo kwa mawu oti SSID, pasiwedi yake, adiresi yolowera mkati, ndi dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Kajambuleni ndi foni, mukulitse chithunzicho. Anthu ambiri amavutika pamenepa chifukwa cha ziro ndi chilembo O, kapena 1 ndi l wamng'ono, zimene pa kapepalako zimaoneka zofanana. Mukalumikiza foni ku Wi-Fi imeneyo, zimitsani data ya pa foni, tsegulani Chrome, mulembe adiresi ija pamwamba penipeni polemba ma adiresi. Ma rauta ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Tsamba limeneli lili mkati mwa rauta momwemo, limatseguka ngakhale mulibe bandulo.

Rauta ikapempha PIN ya simukhadi, ilembeni, kapena chotsani kaye PIN-yo pa foni musanaike simukhadi mu rauta. Mukalakwitsa katatu simukhadi imatsekeka mpaka mutapeza PUK, nambala yotsegulira imene kampani yanu imapereka. Zokhudza APN, dzina limene rauta imalowera nalo pa intaneti ya kampani, nthawi zambiri zimadzilowa zokha. Ngati timagetsi tikusonyeza netiweki koma intaneti palibe, imbirani kampani yanu akuuzeni zoyenera kulemba pamenepo.

Tsopano sinthani mapasiwedi, ndipo alipo awiri. Yoyamba ndi yolowera pa tsamba loyang'anira lija. Ma rauta ambiri amabwera ndi admin pa dzina, admin pa pasiwedi, ndipo mnyamata aliyense wodziwako za mafoni amazidziwa zimenezi. Mukaisiya choncho, amene walowa pa Wi-Fi yanu akhoza kusintha chilichonse, ngakhale kukutsekerani kunja inu eni ake. Yachiwiri ndi ya Wi-Fi. Rauta imalola zilembo zosachepera 8, koma ikani 12 kapena kuposerapo, mawu atatu osagwirizana osakaniza ndi manambala. Nambala yanu ya foni, dzina la mwana kapena chaka chobadwa, zimenezo ndi zoyamba kuyesedwa. Pa Security sankhani WPA2, kapena WPA2/WPA3 ngati ilipo. WEP musaiyerekeze, inathyoledwa kalekale. Zimitsaninso WPS, njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi, chifukwa pali mapulogalamu a pa foni amene amalowera pamenepo. Dzina la Wi-Fi lisakhale la banja lanu kapena nambala ya nyumba. Mukasunga zosinthazi foni idzaduka pa Wi-Fi, musachite mantha, ilumikizeninso ndi pasiwedi yatsopano.

Kupeza malo ake

Ntchito yeniyeni ili apa, ndipo ndikupemphani kuti muipatse ola lathunthu. Pa tsamba loyang'anira, fufuzani polembedwa Device Information, Status kapena Network Information. Mupezapo manambala awiri ofunika. RSRP imanena mphamvu ya mafunde ochokera ku nsanja, ndipo imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, ndiye nambala yaing'ono ndiyo yabwino: -80 ndi yabwino kwambiri, -90 ndi yabwino, -100 yayamba kufooka, -110 ndi yovutikira. SINR imanena kuyera kwa mafundewo, ndipo iyi ikamakwera m'pamene zili bwino: kupitirira 20 n'zapamwamba, 13 mpaka 20 n'zabwino, ikayandikira 0 intaneti imakwawa ngakhale RSRP ikhale yooneka bwino. Pa awiriwa, ine ndimayang'ana kwambiri SINR.

Tengani ekisitenshoni yaitali ndi munthu wina wokuthandizani. Wina anyamule rauta, wina agwire foni ndi kope. Yambani pa zenera la pabalaza, ikani rauta pa mpando kapena pa shelefu, chotsanipo manja, dikirani mphindi imodzi, tsitsimutsani tsambalo, lembani manambala. Pitani pa zenera la kuchipinda, la kukhitchini, la m'khonde, mbali zonse zinayi za nyumba. Mudzadabwa kuona kuti pa zenera lina RSRP ili -104, mukangosuntha masitepe asanu kupita pa lina yafika -91. Mukapeza zenera labwino, yesani kuikweza pamwamba pang'ono, kuitsitsa, ndi kuitembenuza pang'onopang'ono, poti ma eriyo a mkati mwake ali ndi mbali imene amamvera bwino. Nsanja imene mumaiona ndi maso si nthawi zonse imene rauta yanu ikulankhula nayo, choncho khulupirirani manambala.

Zimene zimatchinga mafunde m'nyumba zathu n'zodziwika. Malata amawabweza, ndiye rauta yopachikidwa pafupi ndi denga imavutika, kuwonjezera apo imapsa ndi kutentha kwa mu Okutobala. Njerwa zootcha ndi konkire zimawafooketsa. Nyumba zakale za boma, zomangidwa nthawi imene Zomba inali likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, zambiri zili ndi makoma ochindikala kwambiri, moti rauta ya pakati pa nyumba yotere imamva pang'ono chabe. Zitsulo zotchingira akuba pa zenera zimachepetsako, koma sefa wachitsulo wotchinga udzudzu ndiye amatchinga kwambiri. Ngati zenera lina lili ndi sefa wapulasitiki kapena lilibe, yambirani pamenepo.

Malo abwino ndi okwera mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri kuchokera pansi, opita mphepo, osawombedwa ndi dzuwa mwachindunji, ndiponso osafika mvula ya mpemera. Isakhale m'kabati, kuseri kwa TV, pamwamba pa firiji, pafupi ndi kalilole wamkulu kapena ndowa za madzi, chifukwa chitsulo chimabweza Wi-Fi pamene madzi amaimeza. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amakonda kuphimba zipangizo ndi kansalu koluka poopa fumbi, koma rauta isiyeni ipume, muzingoipukuta.

Pali vuto limene mudzakumana nalo. Malo amene nsanja ikumveka bwino amakhala m'mphepete mwa nyumba, pamene Wi-Fi imafalikira bwino rauta ikakhala pakati. Zikasemphana choncho, tsatirani nsanja. Wi-Fi yofooka kuchipinda ili ndi mankhwala ake otsika mtengo, koma mafunde amene sanalowe m'nyumba simungawabwezeretse ndi chipangizo chilichonse cha mkati.

Ngati mwazungulira nyumba yonse RSRP osachoka pa -105 kapena -110, monga zimachitikira m'zigwa ndi m'midzi yotalikira nsanja cha ku Jali, Thondwe kapena Domasi, tulukani ndi rauta panja, muikweze m'mwamba, muone ngati manambala akusintha. Akasintha kwambiri, eriyo yakunja ikuthandizani. Gulani ya mawaya awiri, poti 4G imathamanga bwino ikamalandirira mbali ziwiri, ndipo onani mtundu wa timabowo ta rauta yanu, kaya ndi SMA topotokola kapena TS-9 tongobaya. Waya ukhale waufupi momwe mungathere, chifukwa mita iliyonse imadya mphamvu imene eriyo yakolola. Poilozetsa, wina akhale pamwamba akutembenuza pang'onopang'ono, wina pansi akuwerenga SINR. Chinanso, rauta ikamangogwera pa 3G pamene 4G ilipo ndithu, pa Network Mode sankhani 4G yokha.

Kukonza Wi-Fi ya m'nyumba

Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amayesetsa kudutsa makoma, koma ndi odzaza, poti Bluetooth, ma microwave ndi ma rauta a aneba onse ali pomwepo. A 5 GHz ndi othamanga ndi opanda phokoso, koma akadutsa khoma limodzi kapena awiri a njerwa atha. Ndi bwino kuwapatsa mayina osiyana, kuti TV ndi laputopu za pabalaza zikhale pa 5 GHz, mafoni a kuchipinda ndi pakhonde pa 2.4 GHz.

Amene mumakhala pa puloti ya nyumba zambiri za lendi, kapena malo othithikana ngati Mpondabwino, yang'anani kuchuluka kwa mayina a Wi-Fi amene foni yanu ikuona. Akachuluka, lowani pa Wi-Fi Settings, pa Channel ya 2.4 GHz, musankhe 1, 6 kapena 11. Matchanelo atatu okhawa ndiwo salowerana. Pulogalamu iliyonse ya Wi-Fi analyzer pa foni ya Android ikusonyezani imene ili ndi anthu ochepa. Pa Bandwidth ikani 20 MHz. Ngati muli kwanokha, aneba ali patali, zisiyeni pa Auto.

Chipangizo chimene sichisuntha, monga kompyuta ya pa tebulo kapena TV, chilumikizeni ndi waya wa Cat5e kapena Cat6. Waya umenewu umanyamula bwinobwino mpaka mamita 100, ndipo umapepuza Wi-Fi kuti itumikire mafoni. Waya womwewo ndiwo yankho la nyumba yaitali kapena kanyumba ka kuseri: ukokeni kuchokera pa bowo la LAN, kumapeto kwake muikeko rauta wamba yotsika mtengo ija yopanda simukhadi, muisinthe kukhala Access Point, kutanthauza yongofalitsa Wi-Fi yochokera pa wayawo. Timaripita, tizipangizo tobwereza Wi-Fi tongobaya pa soketi, timathandiza pang'ono, koma tambiri timadula liwiro pakati, ndipo tiyenera kukhala pakatikati pa rauta ndi chipinda chovutacho. Mukakaika m'chipinda momwe Wi-Fi yafa kale, kalibe choti kabwereze.

Magetsi ndi mphenzi

Magetsi a ESCOM amafika pa 230V, koma rauta yambiri imagwira pa 12V kudzera mu adaputa, ndipo imadya mawati ochepa, pafupifupi 10 kapena kucheperapo. Ichi n'chifukwa chake ka UPS kakang'ono ka ma rauta, kabatire kosunga magetsi, kamatha kuiyendetsa maola angapo magetsi akazima. Pogula, werengani zolembedwa pa adaputa yanu: ma V afanane ndendende, ma A a UPS akhale ofanana kapena ochulukirapo, ndipo kamutu kobaya kakwane bwino. Adaputa yolakwika imachititsa rauta kumangozima n'kuyaka yokha, mwinanso kupsa kumene. Amene muli ndi sola, musalumikize rauta pa batire mwachindunji, poti batire likamatchajidwa limakwera kupitirira 14V. Pakati pake pakhale kachipangizo kosunga 12V mosasinthasintha.

Nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwerera. Ikani rauta pa soketi yoteteza, ngati zija timaika pa firiji, zimene zimadikira kaye zisanalole magetsi kudutsa. Ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukaona kuphiri kwada ndipo kwayamba kugunda, zulani pulagi kukhoma, osangozimitsa switchi. Ngati muli ndi eriyo yakunja, masulaninso mawaya ake mvula isanafike, osati ziphaliwali zili mkati. Mlongoti wachitsulo wautali uyenera kukhala ndi waya wopita m'nthaka, ndipo ntchito imeneyo mupatse wodziwa zamagetsi.

Kuti bandulo isathe msanga

Dandaulo limene ndimalimva kwambiri ndi lakuti bandulo ya mwezi yatha m'masiku khumi. Chimachitika n'chakuti mafoni ndi makompyuta akaona Wi-Fi amayesa ndi yaulere. Zonse zimene ankadikira amazichita nthawi yomweyo: Play Store ikukonzanso mapulogalamu, Google Photos ikutumiza zithunzi ndi mavidiyo onse, Windows ikutsitsa zake za ma GB angapo. Pa laputopu ya Windows, lowani pa Settings, Network & Internet, Wi-Fi, musankhe dzina la netiweki yanu, muyatse Metered connection. Mafoni ambiri a Android alinso ndi chosankha chomwecho pansi pa dzina la Wi-Fi. Pa WhatsApp, pa Storage and data, letsani mavidiyo kudzitsitsa okha, makamaka ngati muli m'magulu a mpingo, a sukulu ndi a maliro amene amatumiza zinthu usana wonse.

Chodya data kwambiri ndi vidiyo. Ola limodzi la filimu ya HD pa Netflix limatha kufika 3 GB, pamene yooneka mwapakatikati imadya pafupifupi 1 GB. Pa sikirini ya foni, 480p ya pa YouTube imaoneka bwino ndithu, ndipo ana mukawaonetsa posinthira amazolowera. Zimitsaninso mavidiyo oyamba okha pa Facebook.

Rauta yambiri ili ndi tsamba la Statistics kapena Data Usage. Ikanipo kukula kwa bandulo yanu ndi tsiku loyambira, kuti muziona mmene ikuthera. Palinso tsamba la SMS, kumene kumafikira mauthenga a kampani onena kuti bandulo yatsala pang'ono. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Pogula bandulo onetsetsani kuti ndi ya intaneti yonse, poti ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula china chilichonse. Ikalembedwa kuti ilibe malire, funsani kuti liwiro amalitsitsa mukafika ma GB angati. Musasiyenso mayunitsi ambiri pa simukhadi ya mu rauta, chifukwa bandulo ikatha akhoza kuyamba kudyedwa pa mtengo wokwera.

Kamodzi pa sabata tsegulani Connected Devices muwerenge zipangizo. Pakhomo pali mafoni asanu koma pakuoneka asanu ndi atatu, ndiye kuti pasiwedi yatuluka. Sikuti nthawi zonse ndi kuba. Mafoni a masiku ano amatha kuonetsa pasiwedi ngati QR code, ndiye mwana amangomuonetsa mnzake wa pa mpanda, mnzakeyo n'kuonetsanso wina. Kutsekera foni imodziimodzi sikuthandiza kwenikweni, sinthani pasiwedi. Alendo apatseni Guest Network, imene mukhoza kuizimitsa akapita. Ndipo ngati aneba apempha, ndi bwino kukhala pansi n'kugwirizana zosonkherana ndalama ya bandulo, kusiyana n'kumakana pamaso kenako n'kumakayikirana.

Ikayamba kuvuta

Musathamangire kabatani ka Reset. Yambani ndi kuona ngati bandulo ilipo. Kenako zimitsani rauta, dikirani masekondi 30, yatsaninso. Ikapitiriza, imani pafupi ndi rauta muyese liwiro, kapena lumikizani laputopu ndi waya. Ngati pafupi ikuthamanga koma kuchipinda ayi, vuto ndi Wi-Fi, bwererani ku nkhani ya matchanelo ndi makoma. Ngati ndi yochedwa ngakhale pa waya, tsegulani tsamba la RSRP ndi SINR mufananize ndi zimene munalemba m'kope. Manambala akatsika, mwina wina wasuntha rauta posesa, eriyo yatembenuka ndi mphepo, kapena nsanja yapafupi yazima ndipo rauta yagwira ina yakutali. Manambala akakhala omwewo koma liwiro limangogwa madzulo okha, ndiye kuti nsanja yadzaza, ndipo palibe chimene mungasinthe m'nyumba. Zotsitsa zikuluzikulu muzichita usiku kwambiri kapena m'mamawa, kapena yesani simukhadi ya kampani ina ngati rauta yanu ndi yosakhoma. Foni imodzi yokha ikamavuta, pa foniyo sankhani Forget pa dzina la Wi-Fi, mulumikizenso.

Pakapita miyezi ingapo yang'anani polembedwa Update kapena Firmware kuti mukonzenso pulogalamu ya mkati mwa rauta, koma muchite zimenezi rauta ili pa UPS kapena nthawi imene simukuyembekeza kuti magetsi azima, chifukwa ikazima ili pakati pa ntchitoyi ikhoza osadzayakanso. Reset ndi ya pamene mwaiwala pasiwedi ya woyang'anira kapena zonse zakanika. Mumabaya kabowo kolembedwa Reset ndi kapini kwa masekondi pafupifupi 10, ndipo zonse zimene munakonza zimafufutika, rauta imabwerera ku zolembedwa pa kapepala ka kunsi kaja.

Vuto likakhala la kampani, monga netiweki kusowa masiku angapo kapena bandulo imene mwalipira osafika, pitani ku ofesi yawo kapena imbani muli ndi kope lanu m'manja: tsiku, nthawi, dera limene mumakhala, liwiro limene mwapeza, RSRP ndi SINR, ndi uthenga wotsimikiza kuti munalipira. Pemphani nambala ya dandaulo lanu muisunge. Akapanda kukuthandizani, dandaulo lomwelo ndi nambala yakeyo mukhoza kupita nalo ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti m'dziko muno.